Kapangidwe ka maswiti a chokoleti ndi mtedza wa hazelnut, ofanana ndi Ferrero Rocher, pakhomo panu

Mukadula switi ya Ferrero Rocher pakati ndi mpeni wakuthwa, mupeza zinthu zinayi zokutana. Pakatikati pali njere imodzi yokazinga ya mtedza wa hazelnut. Njereyo yamira m'phala lofewa la chokoleti chosakaniza ndi mtedza womwewo wopera. Phalalo latsekeredwa m'kachigoba kopyapyala ka bisiketi ya wafer, ndipo kunja kwamatidwa chokoleti cha mkaka chokhala ndi tizidutswa ta mtedza. Kukoma kwa switiyi kwagona pa kusiyana kwa zinthu zimenezi mkamwa. Dzino limayamba laswa chouma, kenako n'kugwera m'chofewa, n'kudzakumananso ndi njere yolimba pakati.

Wofuna kuipanga pakhomo ayenera kuteteza kusiyana kumeneku kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo chimene chimakuwononga ndi chinyezi. Dontho la madzi, nthunzi ya m'poto, manja osapukuta bwino, ngakhale thukuta la mbale yongotuluka mufiriji, zonsezi zimafewetsa wafer n'kuwononga chokoleti. M'malangizo ano simupezamo madzi, mkaka wamadzi kapena kirimu wamadzi, ndipo ndikupemphani kuti musawonjezeremo nokha.

Kampani ya Ferrero kwawo ndi ku Alba, tauni ya m'chigawo cha Piedmont kumpoto kwa Italy, dera lotchuka ndi mitengo ya hazelnut. Anaiyambitsa ndi Pietro Ferrero mu 1946, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangotha kumene, koko ali wosowa komanso wokwera mtengo. Iye anatsatira nzeru imene opanga maswiti a ku Turin, mzinda waukulu wa chigawo chomwecho, anali nayo kale m'zaka za m'ma 1800, yochulukitsa chokoleti chochepa pochisakaniza ndi mtedza wopera wa m'dera lawo. Chosakanizachi amachitcha gianduja. Mwana wake, Michele Ferrero, ndiye anadzatulutsa Nutella, phala la chokoleti ndi hazelnut lopaka pabuledi, mu 1964 ndi Ferrero Rocher mu 1982. Mbiriyi ikutiuza kumene ndalama zathu ziyenera kupita pokagula zinthu. Phala la m'kati mwa switiyi mwini wake ndi mtedza, chokoleti n'chongoperekeza. Mtedza ukakhala woipa, chokoleti chodula chotani sichingaubise.

Zofunika kugula

Pa maswiti pafupifupi 30 mufunika mtedza wa hazelnut wochotsa kale zigoba magalamu 300, chokoleti cha mkaka magalamu 400, wafer magalamu 100, shuga waufa wa icing masupuni aakulu anayi, ufa wa koko supuni yaikulu imodzi, ndi kamchere kongotsina ndi zala. Sungani pafupi mafuta ophikira opanda fungo, monga a mpendadzuwa, mwina mudzafuna kasupuni kamodzi.

Hazelnut si mbewu ya kwathu kuno, imafuna dera lokhala ndi nyengo yozizira kwenikweni. Woposa theka la mtedza wonse wa mtundu umenewu padziko lapansi umachokera ku Turkey, m'mbali mwa nyanja ya Black Sea, makamaka madera a Ordu ndi Giresun, ndipo Italy ndiye amabwera pambuyo. Ndiye kuti paketi imene mungaipeze m'sitolo zikuluzikulu ku Lilongwe, ku Blantyre kapena ku Lusaka yayenda ulendo wautali, mwinanso yakhalitsa pashelefu. Mtedzawu uli ndi mafuta ambiri, pafupifupi magawo 60 pa 100 alionse, ndipo mafutawo akakhalitsa amawonongeka. Onani tsiku lolembedwa papaketi. Mukafika kunyumba tsegulani, nunkhizani, tafunani njere imodzi. Ngati ikununkha mafuta okhalitsa kapena ikusiya kuwawa kokanda pakhosi, musaugwiritse ntchito, kukazinga sikuchotsa zimenezo. Amene muli ku Johannesburg kapena ku Britain mtedzawu simuvutika kuupeza, ndipo nthawi zina umagulitsidwa wochotsa kale khungu, zomwe zikuchepetserani ntchito.

Pa chokoleti, tembenuzani paketi muwerenge kumbuyo. Chilipo cha mitundu iwiri. China mafuta ake ndi a koko weniweni, ndipo amalemba kuti cocoa butter. Ichi ndiye chokoma, chimasungunuka bwino palilime, koma chimafuna kuchisamala pochisungunula, monga ndifotokozere kutsogoloku. China anachotsamo mafuta a koko n'kuikamo mafuta a mbewu zina, ndipo amalemba kuti vegetable fat. Kawirikawiri chimagulitsidwa ngati chokoleti chophikira makeke. N'chotchipa, sichivuta, chimapirira kutentha, koma chimasiya kamafuta komata kumwamba kwa kamwa. Ine ndingati gulani magalamu 100 a chenicheni cha phala la m'kati, zivute zitani. Cha kunja, magalamu 300 otsalawo, musankhe malinga ndi nyengo ndi thumba lanu.

Za wafer, yabwino koposa ndi makoni ouma aja oikamo ayisikilimu, chifukwa alibe kirimu ndipo ndi opyapyala. Akasowa, tengani mabisiketi a wafer okhala ndi kirimu wa chokoleti kapena wa vanila. Pewani a sitiroberi ndi a mandimu, fungo lawo limalimbana ndi la mtedza.

Kukazinga mtedza

Apa ndi pamene pamabadwira fungo lonse la switiyi, choncho musachoke pamoto. Tenthetsani uvuni kufika madigiri 170. Yalani mtedza pathireyi, usaunjikane. Pakatha mphindi 6 gwedezani thireyi kuti njere zitembenuke, ndipo kuyambira mphindi 10 muziyang'ana pafupipafupi. Nthawi zambiri umapsa pakati pa mphindi 10 ndi 15. Khungu likayamba kung'ambika ndipo fungo ladzaza m'khitchini, tulutsani njere imodzi, muiswe pakati. M'kati muyenera kukhala mwa bulauni wopepuka mpaka pakati. Mukakhala moyera, sunapse, ndipo switi idzamveka ngati ya mtedza wauwisi. Mukada, wapserera, ndipo kuwawa kwake kudzalowerera phala lonse. Kumbukirani kuti mtedza umapitiriza kupsa ndi kutentha kwake komwe ngakhale mutautulutsa, ndiye ndi bwino kuuchotsa pathireyi yotenthayo nthawi yomweyo.

Ngati mulibe uvuni, chiwaya pambaula chikwanira. Makala akhale oti ayamba kuchita phulusa pamwamba, osati olilima, ndipo muzitakasa osaleka. Chinthu chimodzi chokha: musawaze madzi a mchere monga timachitira pokazinga mtedza wathu wotafuna. Mtedza uwu ukazingidwe wouma, utuluke wouma.

Ukadali wotentha, ukhuthulireni pansalu yoyera youma, mukulunge, mudikire mphindi 5. Kenako pukusani mwamphamvu m'nsalu momwemo, mupete m'lichero. Khungu la hazelnut limawawa, n'chifukwa chake tikulichotsa. Njere zina zimakakamira khungu lawo. Musalimbane nazo, ziikeni m'gulu lokapera, sizidzaoneka.

Tsopano ugaweni patatu. Sankhani njere 30 zathunthu, zozungulira bwino, muike pambali. Yezani magalamu 150 okapera. Wotsalawo, pafupifupi magalamu 100, muudule ndi mpeni pathabwa kukhala tizidutswa tating'ono, kenako muusefe. Ufa umene wagwa pansi pa sefa muuthire m'gulu lokapera, chifukwa ukalowa m'chokoleti cha kunja umachilimbitsa n'kukhala chovuta kuviikamo. Gwiritsani mpeni, osati makina. Makina amaphwanya mosiyanasiyana, kwina ufa, kwina zibenthu zikuluzikulu.

Kupera ndi kupanga phala la m'kati

Mukufuna chiponde cha hazelnut chosalala kwambiri. M'makina opera a m'khitchini, mtedza umayamba wasanduka nsinjiro, kenako umagwirana n'kupanga chibuma chozungulira ndi mipeni, ndipo ambiri amasiyira pamenepa poganiza kuti zatha. Pitirizani. Zimitsani makina, palani za m'mbali ndi supuni, yatsaninso. Mafuta akayamba kutuluka chibumacho chimasweka n'kuyamba kuyenderera, chonyezimira pamwamba. Zimatenga mphindi 5 mpaka 10, kutengera mphamvu ya makina, ndipo muziwapumitsa akatentha. Mtedza wofunda umatulutsa mafuta msanga kuposa wozizira, ndiye perani musanauziziritse kwambiri.

Mtondo nawo umagwira ntchitoyi, kungoti umafuna mphamvu ndi kupirira. Ukhale wouma ndithu, ndipo usakhale umene munasinjiramo tsabola, adyo kapena chigwada posachedwa, chifukwa mafuta a mtedza amakoka fungo lililonse. Mukasinja mpaka kuyamba kumata, khuthulirani pasefa ya waya, mukanikize ndi msana wa supuni, zotsalira mubwezere mumtondo. Ngati chiponde chikukanabe kuyenderera, thiranimo kasupuni kamodzi ka mafuta a mpendadzuwa. Musathire madzi.

Sefani shuga wa icing ndi ufa wa koko, muthire m'chipondecho pamodzi ndi kamchere kaja, mupere kapena kutakasa mpaka zisakanikirane. Shuga wamba sayenera pano. Shuga sasungunuka m'mafuta, ndiye timiyala take tidzatsala tikukukuta m'mano. Ngati wa icing mulibe, perani wamba mpaka akhale ufa, mumusefe kawiri.

Tsopano sungunulani magalamu 100 a chokoleti chenicheni chija. Chiduleni tizidutswa, muike m'mbale youma yachitsulo kapena yagalasi. M'poto thirani madzi pang'ono, muwiritse, muchotse pamoto, ndiyeno mukhazike mbaleyo pamwamba pa poto. Pansi pa mbale pasakhudze madzi, ndipo mbale ikhale yaikulu kuposa kukamwa kwa poto kuti nthunzi isazungulire n'kugwera m'kati. Takasani ndi supuni youma. Mukanyamula mbale, pukutani pansi pake musanaidutsitse pamwamba pa china chilichonse. Kusamala konseku kuli ndi chifukwa. M'chokoleti muli shuga ndi koko wouma zoyandama m'mafuta. Kadontho ka madzi kakalowa, shuga amakakoka n'kugwirana, ndipo chokoleti chimene chinali kuyenderera chimauma nthawi yomweyo n'kukhala chamibulumibulu. Chikatero sichibwereranso kuti muviikiremo maswiti, chimangoyenera kukalowa m'keke.

Thirani chokoleti chosungunukacho m'chiponde, mutakase mpaka mtundu ukhale umodzi. Lawani. Ngati mukufuna shuga wina, onjezerani pano. Vindikirani mbale bwinobwino, muike mufiriji kwa mphindi 30 mpaka ola limodzi, kufikira phalalo litalimba moti mukatapa ndi supuni silikutayika koma likutheka kuumbika.

Ilipo njira yachidule. M'malo mopera mtedza, ena amatenga Nutella magalamu 200 n'kusakaniza ndi chokoleti chosungunula magalamu 80 kuti ilimbe. Zimatheka, ndipo ngati mukupanga ndi ana Loweruka masana, palibe cholakwika. Koma werengani pabotolo: zoyamba kutchulidwa ndi shuga ndi mafuta a kanjedza, pamene hazelnut ndi magawo 13 pa 100 alionse. Phala lopera nokha lili ndi mtedza woposa theka. Kusiyanako kumamveka pa kuluma koyamba, ndipo ndiko kumachititsa kuti ntchito yonseyi ikhale yoyenera kuigwira.

Kuumba ndi kuveka wafer

Kufakitale amaumba tizigoba tiwiri ta wafer, amathiramo phala ndi njere, n'kutiphatikiza. Pakhomo tilibe zikombole zotero, ndiye timazungulira njira. Ikani makoni kapena mabisiketi aja m'kathumba kapulasitiki kouma, muwaphwanye ndi botolo. Musawasandutse ufa. Pakhale tizibenthu toti dzino litimve. Khuthulirani m'mbale yosaya.

Sambani m'manja ndi madzi ozizira, mupukute mpaka kuumiratu. Tapani phala kasupuni kamodzi kodzaza, muliphwatalitse pachikhatho, muike njere pakati, mutseke, muviringe msangamsanga kukhala kampira. Kakhale kochepera pang'ono kuposa switi yomwe mukuifuna, chifukwa kavalanso zovala ziwiri. Kagubuduzeni m'tizibenthu ta wafer, mukanikize pang'ono ndi zala kuti timate paliponse, mukaike pathireyi yoyalapo pepala lophikira makeke. Phala likayamba kusungunukira m'manja, lekani kaye, libwezereni mufiriji mphindi 10. Ndi bwino kutulutsa theka lokha, theka lina lizidikira kozizira.

Anthu ena amasakaniza wafer m'phala momwemo. Ndi zosavuta, koma kumveka kwa chouma ndi chofewa kumasokonekera, zonse zimangokhala chinthu chimodzi. Wafer akhale ndi malo akeake, pakati pa phala ndi chokoleti cha kunja. Ndipo poti m'phala lathu mulibe madzi, wafer ameneyu sadzafewa kwa masiku ambiri. Mukanathiramo kirimu kapena mkaka, pofika mawa lake bwenzi atalefuka.

Vindikirani thireyi ndi pulasitiki, muike mufiriji mphindi 20 mpaka 30.

Chokoleti cha kunja

Ngati mwagula chophikira makeke chija, cha mafuta a mbewu zina, ingochisungunulani monga tachitira kale, muchisiye chizizire pang'ono, mupitirire pa kuviika. Ngati mwagula chenicheni, werengani gawo lino modekha.

Mafuta a koko akamauma amatha kugwirana m'njira zingapo, ndipo njira imodzi yokha ndiyo imapereka chokoleti chonyezimira, cholimba, chothyoka ndi kaphokoso, chosamata m'zala. Chokoleti cha m'sitolo chimabwera chitagwirana kale m'njira yabwinoyo. Mukachisungunula chonse, dongosolo limenelo limatha, ndipo mukangochisiya kuti chiume chokha chimatuluka chofewa, chosawala, ndipo pakapita masiku chimachita mawanga otuwa. Mawangawo si nkhungu, ndi mafuta a koko amene akwera pamwamba, ndipo switi imadyeka ndithu, koma siioneka bwino. Njira yosavuta yopewera izi ndi kusungunula gawo lina, kenako n'kuliziziritsa ndi gawo losasungunula, limene limaphunzitsa linzake kagwiridwe koyenera.

Dulani magalamu 300 aja tizidutswa tating'ono kwambiri. Magalamu 200 muwasungunule pamwamba pa madzi otentha mpaka madigiri 40 kapena 45, osapitirira apo, chifukwa chokoleti cha mkaka chimapserera msanga. Chotsani mbale, pukutani pansi. Yambani kuthiramo magalamu 100 otsalawo pang'onopang'ono, mukutakasa osaleka koma mosamenya, kuti musalowetse mpweya. Tizidutswa toyamba tisungunuka msanga, totsiriza tichedwa. Mukufuna kufika madigiri 29 kapena 30. Ngati mwasankha chokoleti chakuda, chisungunuleni mpaka madigiri 45 kapena 50, muchitsitse kufika 31 kapena 32. Tizidutswa tikatsala tosasungunuka mutafika kale pamenepo, tivuuleni ndi foloko.

Kachipangizo koyezera kutentha kwa zakudya kamathandiza kwambiri pano, ndipo ngati mukuganiza zopanga maswiti kawirikawiri kaguleni. Popanda iko, donthezani pang'ono pansi pa mlomo wanu wam'munsi. Chokoleti chokonzeka chimamveka chozizirira pang'ono, chifukwa chatsika kuposa kutentha kwa thupi. Chikamveka chofunda, sichinafike. Kenako yesani motere: viikani nsonga ya mpeni, muuike patebulo. Pakatha mphindi 3 mpaka 5 chiyenera kukhala chitauma, chowala, chopanda mizeremizere. Chikakhala chikadali chonyowa, onjezerani tizidutswa tina, mupitirize kutakasa.

Zonsezi zimatheka bwino m'chipinda chozizirira, cha madigiri 18 mpaka 22. Miyezi ya June ndi July kwathu kuno ndiyo yabwino pa ntchitoyi. Mu October ndi November, makamaka kunyanja ndi ku Chigwa cha Shire, chokoleti chenicheni sichiuma chokha patebulo masana, popeza mafuta a koko amayamba kufewa kutentha kukamayandikira madigiri 30 ndipo amasungunukiratu chapafupi ndi 34. Musadzione ngati mwalephera. Ngakhale eni ake a Ferrero amaimitsa kugulitsa maswiti awo ena a chokoleti ku Germany m'miyezi yotentha. Nyengo yotere gwirani ntchito m'mamawa dzuwa lisanakwere, zimitsani mbaula kapena sitovu musanayambe kuviika, kapena ingosankhani chokoleti chophikira makeke kuti chikhale chomata kunja kwa switi.

Kuviika

Tulutsani timipira mufiriji mphindi 10 musanayambe, tikadali tovindikira, kuti thukuta ligwere papulasitiki osati pa wafer. Tikakhala tozizira kwambiri, chokoleti chimauma mwadzidzidzi, ndipo phala la m'kati likadzafunda n'kufufuma pang'ono chigoba chimang'ambika.

Chovala choyamba n'chopyapyala. Pakani chokoleti pang'ono pachikhatho choyera chouma, gubuduzani kampira pakati pa zikhatho ziwiri mpaka kadetsedwe paliponse, mukabwezere papepala. Musadere nkhawa maonekedwe. Ntchito ya chovala ichi ndi kumanga tizibenthu ta wafer kuti tisagwere m'mbale ya chokoleti, komanso kutitsekera ku mpweya wa kunja. Mukamafika pa kampira komaliza, koyamba kadzakhala katauma.

Tsopano thirani mtedza wodula uja m'chokoleti chotsala, mutakase. Mtedzawo usakhale wozizira, ungalimbitse chokoleti nthawi yomweyo. Ponyani kampira kamodzi, kagubuduzeni ndi foloko, kanyamuleni kali pamwamba pa mano a foloko, osati kubaya. Gogodani foloko m'mphepete mwa mbale kangapo kuti chochuluka chigwe, pukutani pansi pa foloko pamlomo wa mbale, ndiyeno kankhirani kampirako papepala ndi kamtengo kotokosera m'mano. Mukafulumira kukatsitsa musanagogode, pansi pamachita kadziwe ka chokoleti kamene kamauma ngati phazi. Kakachitika, mudzakadule ndi mpeni kakauma.

Chokoleti chidzayamba kulimba muli pakati pa ntchito. Khazikani mbale pamwamba pa madzi ofunda kwa timphindi tochepa chabe, muchotse, mutakase. Mukachitenthetsa kupitirira madigiri 32 kapena 33, dongosolo lija latha ndipo muyenera kuyambiranso ndi tizidutswa tatsopano. Chotsala pomaliza musataye. Chiyaleni papepala chiume, mudzachithyolethyole n'kudya, kapena mudzachisungunulenso ulendo wina.

Maswiti aume patebulo ngati kukuzizira. Ngati kukutentha, alowe mufiriji mphindi 10 zokha kuti agwire, kenako atuluke.

Mukasowa hazelnut

Njira yonseyi imagwiranso ndi mtedza wathu, ndipo sindikuona chifukwa choti munthu alephere kupanga maswiti abwino poti chabe paketi yochokera ku Turkey yasowa kapena yadula. Sadzakoma ngati Ferrero Rocher, adzakhala ndi kukoma kwawokwawo, ndipo mukamapatsa anthu muziwauza zoona kuti ndi a mtedza wanji.

Mtedza wa Chalimbana, wa njere zikuluzikulu, umakhala bwino pakati pa switi. CG7 uli ndi mafuta ambiri ndipo umapereka chiponde chofewa msanga. Onsewa mafuta awo ndi ochepa poyerekeza ndi hazelnut, ndiye konzekerani kuthira mafuta a mpendadzuwa kasupuni kamodzi kapena tiwiri popera. Fungo la mtedza wathu ndi lamphamvu, ndipo limagwirizana bwino ndi chokoleti chakuda kuposa cha mkaka. Musanakazinge, yalani m'lichero musankhe njere imodziimodzi. Zofota, zoboola, zakuda ndi zachuku zitayidwe. Chuku cha mtedza chimatulutsa poizoni wa aflatoxin amene amawononga chiwindi, ndipo moto wa chiwaya sumuthetsa.

Makademiya, amene amalimidwa ku Thyolo, ku Ntchisi ndi madera ena, ndiye ali ndi mafuta oposa onsewa, kupitirira magawo 70 pa 100 alionse. Amapserera msanga, choncho akazingeni pa madigiri 150 mukuyang'anitsitsa. Chiponde chake chimayenderera kwambiri, ndiye kwezani chokoleti cha m'phala kufika magalamu 130 kuti liumbike, ndipo musathiremo mafuta ena. Njere yake ndi yaikulu, theka limakwanira pakati pa switi imodzi.

Kukulunga ndi kusunga

Dikirani maola angapo, ngakhale usiku wonse, musanakulunge, kuti chokoleti chimalize kulimba. Dulani pepala lonyezimira la golide, limene limapezeka m'masitolo ogulitsa zipangizo za makeke, m'tizidutswa ta masentimita 8 mbali zonse. Kulungani switi iliyonse, mfundo ikhale pansi, muikhazike m'kachikho kapepala. Gwirani ndi nsonga za zala, ndipo mwachangu, chifukwa chala chofunda chimasiya chidindo pachokoleti.

Ngati mukupangira ukwati, chinkhoswe kapena kugulitsa, musalembepo dzina la kampani ya eni, apatseni dzina lanu. Ndipo lembani poonekera kuti muli mtedza. Alipo anthu amene thupi lawo limadana ndi mtedza moti kachidutswa kamodzi kangawatupitse pakhosi n'kuwabanikitsa, ndipo switi yokulunga siionetsa zimene zili m'kati.

Asungeni m'chotengera chotseka bwino, pamalo ouma, ozizirira ndi amdima. Akatero amakhala bwino pafupifupi masabata awiri. M'nyengo yotentha alowe mufiriji, koma chotengeracho chitsekedwe zolimba, chifukwa chokoleti chimakoka fungo la anyezi, nsomba ndi ndiwo zotsala. Magetsi akazima musamatsegule firiji pafupipafupi, kusinthasintha kwa kutentha ndiko kumabweretsa mawanga otuwa aja. Pofuna kudya, tulutsani chotengera chonse, muchisiye chotseka kwa ola limodzi. Chinyezi chigwere kunja kwa chivindikiro, phala la m'kati lifewe, kenako mutsegule.